Kumunsi kwa Thabwa: Chifukwa Chake Anthu a ku Chikwawa Sasamuka

Alamu anga, akazi a achimwene anga, kwawo ndi ku Dedza. Akhala pabanja pathu zaka 11, koma anali asanapondeko kwathu ku Chikwawa, poti ukwati unachitikira ku Blantyre ndipo amayi ndi amene ankakwera kukawaona. Nthawi iliyonse wailesi ikalengeza kuti madzi asefukira m'chigwa cha Shire ankandiimbira foni, ndipo akafunsa za moyo wa amayi ankamaliza ndi funso lomwelomwelo: "Koma alamu, bwanji osangosamuka? Chaka ndi chaka nkhani yake yomweyi."

Funsoli si la iwo okha. Ndalimvapo m'minibasi, pamaliro ndi pamisonkhano, ndipo ena amawonjezera kuti anthu a kuchigwa anazolowera kulandira ufa ndi mabulangete aulere. Mwezi wa Okutobala wapitawu amayi anadwala, alamu n'kunena kuti apita nane kukawazonda. Ndinaona kuti mpata wapezeka woti adzionere okha dera limene ankangolimvera pa wailesi. Zimene tinaona ndi kukambirana pa masiku anayi amenewo ndi zimene ndalemba pano, kuti ndi inu owerenga amene simunatsikeko mulidziwe dera lathu.

Kutsika phiri

Tinanyamuka ku Blantyre m'mamawa pa minibasi ya ku Nchalo. Kuchoka m'tauni kukafika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma pa kamtunda kameneka munthu umatsika kwambiri. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene pansi pa chigwa ndi mamita 100 kapena kucheperapo. Mukadutsa Chadzunda msewu umayamba kukhotakhota, makutu amatseka, ndipo pa kona ina chigwa chonse chimaonekera kumunsi: mtsinje wa Shire, minda ya nzimbe yobiriwira chakumwera, ndi thengo louma mbali zonse. Alamu anali atavala juzi ya ku Dedza. Tisanafike pa Thabwa, pomwe phiri limathera, anali atavula kale ndipo ankadzikupiza ndi chitenje. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumafika madigiri 40, masiku ena kupitirira apo.

Tili m'phirimo ndinawapempha kuti ayang'ane zinthu ziwiri. Choyamba chinali mapiri a m'mbali mwa msewu, amene ambiri atsala miyala ndi zitsa. Chachiwiri chinali anyamata amene ankakankha njinga zodzaza matumba a makala kukwera nazo ku Blantyre, thukuta lili kamukamu. Ndinati azisunge mumtima, tidzazikamba tikafika kumudzi.

Maina a mafumu athu

Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu tinatsika pa Dyeratu n'kukwera kabaza kupita pa boma, pamene pali gombe lalitali loyang'ana pamtsinje. Alamu anawerenga zikwangwani za m'njira n'kufunsa kuti Kasisi, Katunga ndi Maseya ndi maina a Chisena kapena a Chimang'anja. Yankho lake ndi mbiri ya dera lino.

Eni nthaka akale kuno ndi Amang'anja, nthambi ya Amaravi, ndipo mfumu yawo yaikulu ndi Lundu. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 ufumu wa Lundu unali wamphamvu, wodziwika mpaka ku Zambezi. Amang'anja ankalima thonje n'kuluka nsalu zotchedwa machila, ankasungunula chitsulo n'kusula makasu, komanso ankatcheza mchere kuchokera m'dothi la m'chigwa. Katundu ameneyu ankagulitsidwa kutali, mpaka kwa Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ndi wa nthawi yakale imeneyo.

Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yotchedwa Ma Robert, mpaka mathithi a Kapichira anamutsekera njira. Atabweranso anasiya sitima pamudzi wa mfumu Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma lero, n'kupitiriza ulendo wapansi. M'chaka chomwecho anafika ku nyanja ya Chilwa ndi ku nyanja ya Malawi. Podutsa dambo lalikulu la kumwera anaona njovu zambirimbiri, ndiye chifukwa chake pamapu limalembedwa kuti Elephant Marsh.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Mu 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala yoopsa, nthawi yomweyo ogwira akapolo akuwotcha midzi. Amishoni oyamba amene anathawa nkhondo ku Magomero anadzakhala kwa Chibisa, ndipo ena a iwo anafera komweko. Livingstone anali atabwera ndi anthu ochokera kumtunda kwa Zambezi, kumene lero ndi kumadzulo kwa Zambia, otchedwa Amakololo. Iye atachoka, anthuwa anatsala m'chigwa ali ndi mfuti. Anamanga malinga, anthu othawa njala ndi ukapolo n'kumathawira kwa iwo, ndipo posakhalitsa anakhala mafumu, mphamvu za Lundu n'kuchepa. Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, maina amene ali pa maudindo a mafumu athu lero, anachokera kwa anthu amenewo. Ulemu wa Lundu monga mfumu yaikulu ya Amang'anja unadzabwezeretsedwa mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, ndipo likulu lake lili ku Mbewe, kufupi ndi nkhalango ya Lengwe.

Mu 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anakwera chigwa chino n'kumenyana ndi Amakololo. Angerezi analengeza kuti dziko la Amakololo lili m'manja mwawo, ndipo mu Januwale 1890 anakakamiza Apwitikizi kubwerera. Mu 1891 dziko lonse linakhala pansi pa Britain. Ndinauza alamu kuti ana awo amaphunzira Chingerezi kusukulu m'malo mwa Chipwitikizi chifukwa cha mkangano umene mbali yake yaikulu inachitikira m'fumbi limene tinkapondalo.

Masiku amenewo Chikwawa ndiye linali khomo lolowera m'dziko. Sitima za kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, zinkakocheza kwa Katunga, ndipo amtengatenga ankasenza katundu pamutu kukwera phiri lomwe tinatsika lija mpaka ku Blantyre. Kenaka madzi a mumtsinje anachepa, sitima zinayamba kulephera kufika, ndipo njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, itafika ku Blantyre mu 1908, katundu anasiya kudutsa kuno.

Anthu ndi zilankhulo

Tinakweranso minibasi pa Dyeratu kulowera ku Nchalo. Mayi wina atalandira chenji kwa kondakitala anati "takhuta", alamu n'kundiyang'ana, poganiza kuti mayiyo akunena za chakudya. Ndinawafotokozera kuti m'Chisena ndiko kuthokoza. Asena anabwera ambiri kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ena ambiri anawoloka pambuyo pa nkhondo ya Makombe ya mu 1917. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inabweretsanso othawa kwawo ochuluka, ndipo ambiri anabwerera mtendere utabwera mu 1992. Lero mukamapita kumwera, ku Ngabu ndi ku Nsanje, Chisena chimamveka kwambiri, pamene cha ku boma ndi kwa Chapananga kumamveka Chimang'anja. Pamsika wa Nchalo munthu mmodzi amatha kusintha zilankhulo zitatu pogulitsa mulu umodzi wa tomato.

Mitundu iwiriyi imasiyana pa nkhani ya banja. Amang'anja mwachikhalidwe amatsata kuchikazi, monga kwa alamu ku Dedza, pamene Asena amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna. Masiku ano mabanja asakanikirana, moti m'mudzi umodzi mumapezeka miyambo yonse iwiri, ndipo pakagwa maliro a bambo nkhani ya munda imatha kuvuta.

Kalembera wa mu 1998 anapeza anthu 356,682 m'boma la Chikwawa. Wa mu 2018 anapeza 564,684. Pa zaka 20 panawonjezeka anthu oposa 200,000, koma nthaka sinakule. Boma lonse ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 4,755. Pa malo amenewa muchotsepo nkhalango ziwiri zotetezedwa: Majete, pafupifupi masikweya kilomita 700, ndi Lengwe, pafupifupi 900. Ziwirizi zikutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a boma lonse. Muchotseponso minda ikuluikulu ya nzimbe, makola a ng'ombe a anthu olemera, dambo, ndi mapiri amiyala a kum'mawa. Chotsala ndi chimene anthu oposa theka la miliyoni akugawana. Ndinafunsa alamu kuti pamene amati "kumtunda", akunena malo a yani, poti paliponse pouma pali kale mwini wake.

Sindikunena kuti nkhalangozo n'zopanda ntchito. Majete inali itatheratu nyama, koma kuyambira 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira pamodzi ndi boma, munabwezeretsedwa zipembere, njovu, ndipo mu 2012 mikango. Alendo amabwera, ndipo ana a midzi yozungulira ena apeza ntchito kumeneko. Lengwe imadziwika ndi nyama yokongola yotchedwa boo. Koma powerengera malo amene banja losamuka lingamangepo, nkhalangozi sizilowa m'chiwerengero.

Thonje, ng'ombe ndi nzimbe

Bambo anga malemu anali mlimi wa thonje. Boma la atsamunda linalimbikitsa mbewuyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kwa nthawi yaitali thonje ndilo linkalipira msonkho, fizi ndi chovala cha pabanja. Limakonda dothi lakuda lomata la makande, lofala cha ku Ngabu, ndipo limapirira dzuwa. Koma ndi mbewu ya ntchito yambiri, yofuna kupopera mankhwala kangapo, ndipo mtengo wake mlimi sauyika yekha. Chaka china bambo anagulitsa thonje pangongole kwa ogula ena, ndalama n'kudzabwera patatha miyezi inayi, chimanga chitakwera kale mtengo. Chaka chimenecho mchemwali wanga anasiya sukulu. Lero ambiri atembenukira ku chitowe ndi nandolo, koma nazonso mtengo wake umakwera ndi kutsika mosadziwika.

Pa chakudya, mbewu zenizeni za kuno ndi mapira ndi mchewere, chifukwa mvula imagwa yochepa ndipo imatha kudula pakati pa nyengo, chimanga n'kupserera chisanamasule. Alamu anadya nsima ya mapira koyamba kwa amayi, ya ndiwo za chitambe chotendera. Poyamba anaiona mtundu n'kukayika, koma anapempha ufa woti apite nawo. Ufa wa mapira ndi mchewere umagayidwa ndi gaga wake, umakhalitsa m'mimba, ndipo m'nyumba zambiri za m'tauni ungathandize kusiyana ndi ufa woyera wokhawokha.

Chuma china ndi ziweto. Chigwa cha Shire chili m'gulu la madera a ng'ombe zambiri m'Malawi, ndipo nyama yambiri yogulitsidwa ku Blantyre imakwera phiri la Thabwa pa malole. Ku Ngabu ndiko kuli likulu la zaulimi la chigwa chonse. Kwa banja la kumudzi, mbuzi ndiyo banki. Mwana akasankhidwa ku sekondale kapena munthu akagonekedwa m'chipatala, mbuzi imapita kumsika.

Tikuyandikira Nchalo, mbali ya kumanzere kunayamba nzimbe zosaoneka polekezera. Kampani ya Lonrho inatsegula munda ndi fakitale ya shuga pano pakati pa zaka za m'ma 1960, pansi pa dzina la SUCOMA, limene akuluakulu akulitchulabe mpaka lero. Mu 1997 inagulidwa ndi Illovo. Mundawu ndi wa mahekitala oposa 10,000, onse othiriridwa ndi madzi opopedwa mu Shire. Nchalo yonse imadalira fakitaleyi: odula nzimbe amene amalembedwa pa nyengo yokolola, a kabaza, ogulitsa mandasi, eni nyumba za lendi. Anthu ochokera ku Thyolo, Mulanje ngakhale kumpoto anabwera kudzagwira ntchito n'kukhazikika. Ku Kasinthula ndi ku Phata alimi ang'onoang'ono anaphatikiza minda yawo n'kumalima nzimbe zogulitsa ku fakitale. Ndinaseka pouza alamu kuti ife amene timalangiza anthu kuchepetsa shuga m'phala tinaphunzira sukulu ndi ndalama za shuga yemweyo, poti achimwene anga anadulapo nzimbe nyengo ziwiri kuti alipire mayeso a Fomu 4.

Minda iwiri ya amayi

Tinapeza amayi akupezako bwino, atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa nimu. Tsiku lachiwiri madzulo alamu analimba mtima n'kufunsa funso lawo lija, mwaulemu, atagwada. Amayi sanakwiye. Anati, "Mwana wanga, mawa mulawirire, mupite ndi mlamu wanuyu akakuonetseni minda yanga yonse iwiri. Mukabwerako mudzandifunsenso."

Munda woyamba uli kumtunda, umene akuluakulu kwathu amautcha mphala. Mu Okutobala unali fumbi lokhalokha, dothi litang'ambika, mapesi a mapira ali gonegone. Munda umenewu umadalira mvula, ndipo pa zaka zisanu mwina ziwiri zokha ndi zimene umadzaza nkhokwe. Kuchoka apo tinayenda pafupifupi ola limodzi kulowera kumtsinje. Kumeneko kuli dimba. Mwezi womwewo, dzuwa lomwelo, tinapeza chimanga chachiwisi, mbatata, maungu, nyemba ndi mpiru. Madzi akasefukira mu Januwale kapena Febuluwale amasiya dothi latsopano lachonde ndi chinyezi pansi. Akaphwa, cha mu Epulo ndi Meyi, anthu amabzala popanda feteleza, ena kawiri chilimwe chisanathe. Pafupi pomwepo anyamata ankavuula milamba ndi mphende m'thamanda. Chaka cha njala yeniyeni amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, imene amaphika kapena kuyanika n'kusinja, ngakhale kuti m'madzimo muli ng'ona.

Alamu anaima nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anafunsa kuti munthu akasamutsidwira kumtunda, makilomita 15 kapena 20 kuchokera pano, dimbali amalima bwanji. Ndinati funso limenelo ndi limene anthu amafunsa akuluakulu a boma nthawi zonse. Amene analandira malo okwera ambiri anavomera kumangako nyumba, koma malowo amakhala a nyumba yokha, opanda munda, nthawi zina opanda mjigo kapena sukulu pafupi. Ndiye bambo ndi mayi amamanga kachisakasa kudimba kuti azilondera mbewu ku mvuu ndi akuba, ndipo pang'onopang'ono banja lonse limabwerera.

Si koyamba mtsinjewu kusintha moyo wa anthu. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika kwambiri moti Shire inkangoyenda pang'ono, dambo linauma, ndipo anthu analima thonje ndi chimanga m'malo amene kale munali madzi. Nyanja itadzazanso, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi anabwerera n'kumiza minda imeneyo, ndipo amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Katswiri wa mbiri Elias Mandala analemba buku lonse la moyo wa alimi a chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960, ndipo mtsinjewu anaulemba monga momwe akuluakulu athu amautchulira, Tchiri.

Madzi akabwera usiku

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti kusefukira kwa madzi ndi nkhani yopepuka. Madzi amene amabweretsa chonde ndi aja okwera pang'onopang'ono. Amene tikuona zaka zino ndi ena. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana, ndi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, madzi anabwera mwamkokomo, nthawi zambiri usiku, n'kukokolola nyumba, ziweto ndi anthu. Freddy yekha anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ana anagumula damu la Kapichira, malo opangira magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko lonse linakhala m'mavuto a kuzimazima kwa magetsi kupitirira chaka. Amayi anagona masabata atatu m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, mbuzi zawo zisanu ndi imodzi zitapita ndi madzi.

Apa ndi pamene ndinakumbutsa alamu za mapiri ometedwa ndi njinga za makala zija. Mvula yambiri imene imatimiza sigwa kuno. Imagwa ku Mwanza, Neno, Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Phiri likakhala ndi mitengo ndi udzu, madzi amalowa pansi n'kumatsika pang'onopang'ono. Likakhala lambee, madzi amathamanga tsiku limodzi atanyamula mchenga ndi miyala. Mchengawo umadzaza mitsinje ngati Mwanza ndi Likhubula, moti mtsinje umene kale unali ndi magombe akuya lero uli pafupifupi mulingo umodzi ndi midzi. Madzi akasowa njira amalowa m'nyumba, ndipo m'malo mwa dothi lachonde amasiya mchenga pamunda. Makala amene anaphikira tiyi m'tauni ali ndi gawo lake pa nkhaniyi, ngakhale kuti mnyamata wowotcha makalayo nayenso akungofuna chakudya cha ana ake.

Madzi akaphwa kumatsala matenda. Zimbudzi zimagwa, zitsime zimadetsedwa, ndipo kolera imapeza njira, monga zinachitikira pa mliri wa mu 2022 ndi 2023. Zithaphwi zimaswetsa udzudzu, ndipo kuno malungo ndi a chaka chonse. Ndi chifukwa chake Chikwawa inali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019. Ana osambira m'ngalande ndi m'mathamanda amatenga likodzo. Vuto lina limene alendo salidziwa ndi la mijigo ya madzi amchere. M'madera ena a chigwa madzi a pansi ndi owawa mchere moti sathetsa ludzu ndipo sopo sachita thovu, choncho amayi amasiya mjigo uli pafupi n'kukatunga kumtsinje, kumene kuli ng'ona ndi tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Ngati mudzabwera kudzacheza, mudzagone m'neti usiku uliwonse, mudzamwe madzi owiritsa kapena othira kulorini ndipo mudzamwe ambiri, musadzasambe mumtsinje kapena m'ngalande, ndipo mukadzamva kutentha thupi mutabwerera kwanu mudzauze achipatala kumene munali.

Ngalande yatsopano

Tsiku lachitatu tinapita kukaona ngalande yaikulu imene boma likukumba kuchokera ku Kapichira, pa ntchito yotchedwa Shire Valley Transformation Programme, mothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank. Cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, madzi akuyenda okha kutsetsereka popanda mapampu. Namondwe wa Ana anawononga poyambira ngalandeyi ndipo ntchito inachedwa, koma mbali yaikulu ya konkire ikuoneka kale. Ngati madziwa adzafikadi m'minda ya kumtunda, ngati munda wa mphala wa amayi uja, chifukwa chachikulu chokakamira m'mphepete mwa mtsinje chidzachepa. Munthu amene angakolole kawiri pamalo ouma sangafune kugona pamene madzi angamupeze usiku.

Komabe anthu ali ndi mafunso, ndipo ndi mafunso oyenera. Dongosolo lake ndi lakuti alimi aphatikize minda yawo m'makopaletivu n'kumalima mbewu zamalonda pamodzi, aliyense n'kumalandira gawo molingana ndi kukula kwa malo amene anapereka. Izi zisanachitike malo amayezedwa n'kulembetsedwa, motsatira lamulo la malo a makolo la mu 2016. Papepalapo padzalembedwa dzina la yani? M'banja la chilowozi, mayi wamasiye amene walima mundawo zaka 30 adzalembedwa, kapena adzalembedwa achimwene a malemu amuna ake? Munda wonse ukalowa m'kopaletivu, banja lidzalima kuti mapira a chakudya? Ndani adzawerengetsera ndalama za gulu? Amayi anatiuza kuti iwo anapita okha pamsonkhano wa kwa mfumu, ngakhale miyendo ikuwawa, kukaonetsetsa kuti dzina lawo lalembedwa. Ndikulangiza aliyense amene ali ndi kholo kapena mchemwali wamasiye kuchigwa kuti amufunse ngati dzina lake lili papepala, ndipo ngati sadziwa kuwerenga, apite naye wina wa m'banja.

Kukwera phiri

M'mawa wa tsiku lachinayi amayi anakumbutsa alamu kuti anali ndi funso. Alamu anaseka mwamanyazi n'kunena kuti, "Amayi, ndaona ndi maso anga. Koma nyumba yokhayi tiyeni tiikweze." Pa mfundo imeneyi anali ndi chilungamo, ndipo amayi sanatsutse. Tinagwirizana kuti ana tonse tisonkhe ndalama, chilimwe chikubwerachi timange nyumba ya njerwa zowotcha ndi simenti pa chitunda cha kumunda wa mphala, maziko ake okwera kufika m'chiuno, ndi chimbudzi cholimba. Dimba lidzakhalabe lawo, adzukulu azidzapitako pa njinga. Tinalembanso nambala ya foni ya wapampando wa komiti yoona za ngozi m'mudzimo, amene amalandira uthenga madzi akayamba kukwera kumtunda, ndipo tinaika makadi a kuchipatala ndi ziphaso za amayi m'jumbo ya pulasitiki yopachika kudenga.

Pobwerera minibasi inakwera Thabwa pang'onopang'ono, injini ikulira. Tinadutsanso anyamata a makala aja. Alamu anali atanyamula thumba la ufa wa mapira, malambe ndi masau ouma a ana. Tili pakati pa phiri anandifunsa mtengo wa mbaula ya chitetezo, ija yadothi yosatha nkhuni zambiri, ndi kumene angapeze mbande za mitengo zoti akabzale kumunda kwawo ku Dedza mvula ikayamba. Tisanafike pa Chadzunda anatulutsa juzi yawo m'chikwama n'kuvalanso.